Ufa m'thanki ya Howard Njobvu

Anthu akwathu a kuno ku Toronto anagwirizana kale kuti Howard Njobvu ndi wopenga amene anaswa mlamu wake mutu chifukwa cha nsomba. Amanena zimenezi pabwalo la tchalitchi, pa maukwati ndi pa lamya. Ambiri mwa onenawo analipo tsiku limene zinthu zinayamba kuonongeka, mbale zili m'manja, ndipo palibe amene anatsegula pakamwa koma kuti aponyemo nyama. Ine ndinalipo kuyambira tsiku limenelo mpaka magazi atachucha pa masitepe. Ndilemba zimene ndinaona.

Howard anabadwira ku Katete, kum'mawa kwa Zambia. Anafika ku Canada ndi mapepala a umakaniko, ndipo anapeza ntchito pa fakitale ina ya magalimoto ku Oshawa. Kumeneko makina anamudula zala ziwiri za dzanja lamanzere. Ntchito itachepa anamuchotsa, iye n'kuphunzira kuyendetsa basi, n'kusamukira ku Scarborough pamodzi ndi mkazi wake Mathilda ndi mwana wawo mmodzi, Chipo. Pa zaka zonse zimene anayendetsa basi, anthu anamutukwana, chidakwa china chinamuswera botolo paphewa, mnyamata wina anamulavulira kumaso chifukwa chomufunsa tikiti. Howard anapukuta malovuwo ndi mpango, natseka chitseko, basi n'kupitirira. Uyu ndiye munthu amene lero akuti ngwankhanza.

Kanyumba kawo kanali ndi chipinda cha pansi, chija timati besimenti. M'menemo Howard anaikamo thanki yagalasi ya madzi amchere, yaitali kuposa munthu wamkulu atagona. Munthu wa ku Katete, amene nyanja yamchere anayamba kuionera pawindo la ndege, anadzimangira kanyanja kake pansi pa nyumba. Munali nsomba zochepa, koma mtima wake unali pa makorali. Makorali amaoneka ngati timitengo ndi maluwa omera pamiyala, koma ndi nyama, ndipo ndi nyama zankhondo. Akayandikana, wina amatulutsa timaulusi n'kuwotcha mnzake mpaka mnofu kusupuka, kutsala chigoba choyera mbee. Howard ankawalekanitsa monga ankachitira ndi anthu omenyana m'basi, uyu kutsogolo, uyo kumbuyo. Ambiri anayamba nawo ali tizidutswa tonga chikhadabo, nawalera zaka zoposa khumi mpaka atakhala nkhalango.

Ine ndinalowamo chifukwa cha fosifeti. Kwathu ndinaphunzitsa kemisitiri ku sekondale ku Chipata mpaka imvi zitayamba. Kuno anandiuza kuti mapepala anga sakuwadziwa, ndipo ndinatsuka mabotolo m'labu ya anthu ena mpaka ndinapuma ntchito. Howard yekha ndiye anakumbuka kuti ndinali mphunzitsi. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi anandikoka dzanja.

"Aphunzitsi, tandiuzani za fosifeti. A kusitolo akungondiuza kuti nditsitse, nditsitse, ngati ndi mtengo wa tomato."

Ndinamuuza kuti ndi mchere womwe uja uli mu feteleza. M'thanki umachokera ku zakudya, ku ndowe za nsomba ndi ku chilichonse chowola. Ukakhala wochepa, makorali amakula nawo. Ukachuluka, umanenepetsa ndere zofiira zimene oweta makorali amazitcha sayano. Kunena zoona si ndere zenizeni, ndi mabakiteriya ogwirana ngati nsalu yonanda, ndipo akayala pa korali amamutseka mpweya ndi kuwala mpaka afe. Kuyeza kwake n'kosavuta. Umatunga madzi m'kabotolo, kuthiramo mankhwala, n'kudikira. Madziwo akamka nabiriwira ngati inki, ndiye kuti fosifeti wachuluka. Kuyambira pamenepo ndinkapita kwa Howard Loweruka lililonse, ndipo kabotolo kathu kankatuluka koyera ngati madzi akumwa.

Mathilda ankaitcha thankiyo mkazi mnzake. "Pitani kwa mkazi mnzanga, wakusowani," ankatero Howard akangomaliza kudya. Koma akaweruka ku ntchito yake yosamalira okalamba, iyenso ankatsikira komweko, n'kusanjika miyendo pa mpando, n'kumayang'ana. Khansa itamufooketsa, Howard ankamunyamula m'manja kutsika naye masitepe aja. Zimenezi a ku Oakville sanazione, popeza sankabwera.

Wa ku Oakville ndi Davies, mlongo wake wa Mathilda, munthu wowerengera makampani chuma, wa nyumba yaikulu pafupi ndi nyanja ndi mawu aakulu kuposa nyumbayo. Mlongo wake akudwala anabwera kangapo kokha, atavala magalasi akuda, injini ya galimoto osazimitsa. Koma Mathilda atamwalira mu February, Davies anali woyamba kufika, ndipo anafika ngati mwini maliro. Pa mwambo wathu analidi mwini maliro. Mkazi akamwalira, nyumba imakhala m'manja mwa abale ake, ndipo mwamuna wofedwa amakhala pamene amukhazika, kudya chimene amupatsa, osayendayenda, osagwira ntchito. Anatulutsa mipando m'chipinda chochezera, amayi anayala zitenje pansi, Howard anamukhazika pa matiresi pakona.

Kwathu amuna amakhala panja, kuzungulira moto. Mu February kuno panja pamapha. Choncho Davies analamula kuti amuna onse atsikire ku besimenti. Anatsika ndi mipando yopinda, n'kuzungulira thanki ija monga akanazungulira moto.

Madzulo oyamba omwewo wina anazula waya wa makina ochotsa zonyansa m'madzi kuti atchaje foni. Ndinabwezera wayayo pamalo pake. Wina anazulanso, ati phokoso lake likusokoneza nyimbo za amayi kumwamba. Ndinabwezeranso. Tsiku lotsatira ndinapeza pamalo pake pali ketulo. Amuna akuluakulu, madokotala ndi mainjiniya, ankanyema kapenta ndi timinofu ta nkhuku n'kumaponya m'madzi kuti aone nsomba zikulimbirana. Madzi atatsika pang'ono, wina wachifundo anathiramo ndowa ya pampopi, osadziwa kuti madzi a mumzinda uno amawaika fosifeti dala pofuna kuteteza mapaipi akale.

Kenaka kunabwera Bupe.

Owerenga a ku Malawi mwina sadziwa chimbuya. Ku Zambia, ife a kum'mawa ndi Abemba ndife asuweni a nthabwala. Pa maliro athu iwo amabwera kudzagwira ntchito zolemetsa, komanso kudzatinyoza ndi kutipaka ufa, kuti chisoni chipepuke. Pa maliro awo ife timabwezera. Lamulo lake ndi limodzi: wachimbuya sumukwiyira, achite chimene achite. Bupe ndi Mubemba wa ku Kasama, mayi wonenepa wa mawu okoma, amene maliro a ku Toronto sayenda popanda iye. Anatsika masitepe ndi beseni la ufa m'chiuno.

"Odi, akudya mbewa," anatero. "Mwabisala kuno kuuna ngati ndiwo zanu?"

Amuna anaseka. Wina anati, "Bwererani, kuno kulibe anyani oti mudye."

"Ndayamba ndi iweyo wapakamwa." Anamuthira ufa m'mutu mpaka m'khosi mwa suti. Anazungulira onse, dokotala, injiniya, mkulu wa mpingo, ine ndemwe. Ndinalandira wanga osadandaula, ndi mwambo. Atafika pa thanki anaima, manja m'chiuno.

"Mbewa zinatha ku Katete, manje mwayamba kusunga nsomba zosadya? Izi nazonso n'za kum'mawa. Mayi wawo wamwalira, zilire."

Anatapa ufa ndi manja awiri n'kuwaza pamwamba pa madzi. Anatapanso. Ndinadumpha n'kumugwira mkono pamene ankapendeketsa beseni lonse, koma theka linali litalowa kale. Madzi anachita mbuu ngati thobwa.

"Asiyeni," anatero Davies ali pa masitepe. "Aphunzitsi, mwagwira mkono wa chimbuya? Pa maliro a mlongo wanga?"

"Ufa uwu upha zonse zili m'menemu."

"Pano si pa sukulu. Ngati mwayamba kusokonezeka ndi ukalamba, tikuitanirani takisi."

Panali amuna odzaza chipinda, ambiri ophunzira sayansi kuposa ine. Onse anayang'ana m'mbale zawo. Mayina awo ndikuwadziwa, ndipo ndikawaona kutsogolo kwa tchalitchi akuwerenga Malemba ndimakumbukira mmene anaweramira tsiku limenelo.

Ndinakwera kumwamba, n'kugwada pafupi ndi matiresi, n'kunong'oneza Howard. Anadzuka. Sanayende mapazi angati, Davies anamugwira pachifuwa n'kumukankha mwamphamvu mpaka mutu unagunda khoma. Nyimbo ya amayi inaduka.

"Khalani pansi, alamu. Mlongo wanga ali m'firiji ya kuchipatala, inu mukuganiza za nsomba? Si zomwezi zinamupha? Mkazi akuwonda, mwamuna ali pansi kupembedza miyala."

Howard anakhala pansi. Amayi anayambiranso nyimbo.

Mtembo anautengera ku Katete. Howard, Chipo ndi Davies anapita nawo. Makiyi a nyumba Davies anasiyira mkazi wake, n'kumulamula kuti asapatse munthu aliyense, popeza katundu wa malemu anali asanagawidwe. Ndinaimba lamya, ndinapempha, ndinakwera sitima mpaka ku Oakville n'kuima pakhomo pawo m'chipale chofewa. Mayiyo anandiyankha pa kampata ka chitseko kuti ndisadandaule, nsomba akuzisamala. Ankapitako mwa apo ndi apo, n'kukhuthuliramo chakudya chambiri kuti chikwanire mpaka ulendo wina, n'kudzazitsa ndi madzi a pampopi. Ankaganiza kuti akuchita zabwino. Ndi anthu ochita zabwino otere amene aononga zambiri m'moyo mwanga.

Howard anabwerera chisanu chikutha. Ndinakamuchingamira ku bwalo la ndege, ndipo titafika kunyumba kwake sanavule n'jekete lomwe. Fungo linatilandira pa masitepe, fungo la dambo lowola. Atayatsa magetsi tinaona thanki yonse itafiira psuu. Sayano anali atayala pa mchenga, pa miyala, pa galasi, pa nthambi za makorali, wokhuthala ngati magazi oundana, timathovu titakodwa pansi pake. Nsomba zambiri zinali zitafa n'kuwolera kuseri kwa miyala. Ndinatunga madzi m'kabotolo, ndinathira mankhwala. Sipanafunike kudikira. Anachita bii ngati inki.

"Alipo amoyo?" anafunsa.

Ndinapukusa madzi ndi dzanja pamwamba pa nthambi imodzi. Chinsalu chofiira chinang'ambika, pansi pake panaoneka mnofu wotumbuluka, koma mnofu.

"Alipo."

Anavula jekete, napinda malaya.

Imene inatsatira inali nkhondo, ndipo sindikudziwa dzina lina loitchula. Tinkalowetsa paipi n'kumapopa ndere zija. Zinkasupuka ngati chikopa cha mbuzi, n'kutsetserekera m'ndowa, ndipo ndowazo zinkaoneka ngati zochokera kophera ng'ombe. Tinkatulutsa miyala n'kuikwecha ndi burashi mpaka zala kutuluka magazi, mchere n'kumaluma m'mabalamo. Tikamaliza m'mawa mchenga uli woyera, pofika madzulo kufiira kwabwereranso. Korali amene imfa yayamba kumukwera kuchokera kutsinde, Howard ankamudula ndi pulayala, kuthyola nthambi yamoyo n'kutaya zotsalazo. Kulira kwa pulayala ija pa chigoba kunali ngati kuthyola fupa la nkhuku. Ankadula ndi nkhope youma, zala zake zitatu zakumanzere zitagwira nthambi imene anailera zaka.

Anafuna kugula mankhwala opha sayano kamodzi n'kamodzi. Ndinamuletsa.

"Mukapha lero, mitembo yake iwolera momwemo, ndipo chakudya chake chikadalipo. Abweranso ndi abale ake. Mdani wathu si wofiirayu, ndi fosifeti. Timulande chakudya afe ndi njala."

"Mpaka liti?"

"Miyala yanu yamwa fosifeti ngati chinkhupule. Mukachotsa wa m'madzi, iyo ilavula wina. Tichotsa, ilavula, tichotsa, mpaka itatha malovu."

Choncho tinkasintha madzi pang'onopang'ono ndi madzi osefa bwino. Nsomba zotsala tinazipatsa chakudya chongokwanira kuti zisafe. Madzi tinkawadutsitsa m'timchenga tachitsulo tofiirira ngati dzimbiri, timene timagwira fosifeti. Ndinamuchenjeza kuti timchengato aziika tochepa, chifukwa makorali ozolowera madzi onona ukawalanda zonse mwadzidzidzi amafa. Sabata ina ndinadwala chifuwa, iye mtima unamuthamangira, nadzaza chotengera chonse. Korali wake wamkulu wobiriwira, amene anapirira ufa ndi njala ndi mdima, anasupuka mnofu wonse tsiku limodzi. Nditabwera ndinapeza khoma la besimenti lili ndi bowo, dzanja la Howard litatupa.

"Musandiuze," anatero.

Sindinamuuze. Tinachepetsa timchenga, n'kuyambiranso.

Ankaweruka ku basi, kutsika, kupopa, kukwera, kugona. Chipo, amene tsopano ndi namwino ndipo amakhala kwa yekha, ankabwera ndi chakudya n'kumuimirira mpaka adye. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo ankangoti, "Dad, eat first." Mwezi ndi mwezi inki ya m'kabotolo inamka nisuluka. Kufiira kunachoka pa galasi, kenaka pa nthambi, n'kutsalira m'makona mmene madzi sayenda. Pofika chilimwe kabotolo kanatuluka kongoti biriwiri pang'ono. Mwa makorali onse aja, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu linali lamoyo, ndipo nsonga zake zinayambanso kukula. Tsiku limenelo Howard anapita kusitolo, nagula loko, namukhomera pa chitseko cha besimenti.

Mwambo unali usanathe. Zovala ndi ziwiya za Mathilda zinali zisanagawidwe, ndipo Howard anali asanasudzulidwe, ndiko kuti abale a mkazi anali asanamumasule kuti akhale mfulu. Davies anaika tsiku, Loweruka lina masana. Anthu anadzazanso m'chipinda chochezera. Pakati anaunjika madiresi, nsapato, zitenje ndi mapoto. Bupe analipo, ndipo pamiyendo pake panali kathumba ka ufa, poti pomasula wofedwa amamupaka ufa pamphumi. Ndinaona maso a Howard atakhazikika pa kathumbako.

Davies anayang'ana muluwo, naugwedeza ndi nsonga ya nsapato.

"Ndi zonse izi? Mkazi wogwira ntchito zaka zonse zija?"

"Ndi zonse, alamu."

"Nanga ku besimenti kuli loko bwanji? Pa maliro kunalibe."

"Kuli thanki basi."

"Tsegulani tione."

"Kumeneko sikulowa munthu."

Bupe anayesa kupeputsa. "Tsegulani, a Katete. Mwabisako mbewa zouma? Ine ndingozidalitsa ndi kaufa."

Ena anaseka. Howard anadzuka, nakaima kutsogolo kwa chitseko chija.

"Ndati sikulowa munthu."

"M'nyumba ya mlongo wanga," anatero Davies, "iwe usanasudzulidwe, ukunditsekera chitseko?" Aka kanali koyamba kumumva akunena mlamu wake kuti iwe. Anatuluka panja, tinamva buti ya galimoto ikutsekuka, nabwerera ndi chitsulo chomasulira matayala.

Ndinaimirira. "A Davies, kulibe katundu kumeneko. Ine ndimakhalako sabata iliyonse."

"Ndiye mwabisa limodzi."

Anakankha Howard ndi phewa, nalowetsa chitsulo kuseri kwa loko, nakanula. Thabwa linang'ambika. Howard anamugwira mkono. Davies anatembenuka n'kumumenya chibakera pakamwa, ndipo ndinamva dzino likuthyoka. Anagwirana, chitseko chinatseguka kumbuyo kwawo, onse awiri n'kugubuduzika pa masitepe mpaka pansi. Ndinatsatira mmene miyendo yanga ikanathera. Kumbuyo kwanga anthu anadzaza pakhomo, kusuzumira.

Davies ndiye anayamba kudzuka, chitsulo chikadali m'manja. Anayang'ana uku ndi uku. Kunalibe masutikesi, kunalibe mabokosi. Kunali ndowa, mgolo wa madzi amchere osungira, ndi thanki ikuwala m'kati mwa chipinda. Munthu wina akanachita manyazi n'kukwera. Davies anali ndi anthu kumbuyo akumuyang'ana, ndipo manyazi ake anasanduka ukali.

"Ichi? Loko chifukwa cha ichi? Ichi ndi chimene chinadya mlongo wanga."

Anakweza chitsulo ndi manja awiri, nakantha galasi lakutsogolo. Mng'alu unathamanga kuchokera pakati mpaka kukona, madzi n'kuyamba kuchucha. Anakwezanso. Howard anali chogwada, magazi akutuluka m'kamwa. Pafupi naye panali ndowa ya miyala ina imene tinaitulutsa m'thanki kuti iume, miyala yakuthwa ngati mano. Anatola umodzi, nadzuka, namukantha Davies pamwamba pa khutu. Kamodzi kokha. Davies anagwa chammbali, chitsulo chinalira pa simenti, khungu la m'mutu litasendeka n'kulendewera.

Pomwepo galasi linagonja. Linaphulika kunja, madzi onse n'kukhuthuka ngati mtsinje, kukokolola mipando, ndowa, mchenga ndi Davies yemwe. Miyala ya m'thanki inagumukirana, kuphwanya nthambi. Mawaya anali pansi m'madzi. Ndinakwawira pakhoma n'kuzimitsa magetsi a nyumba yonse, ndipo tinatsala ndi kuwala kwa kawindo kakang'ono kakumwamba.

M'kuwala kumeneko ndinaona Howard atapisa mikono yonse iwiri pakati pa magalasi osweka otsalira m'felemu, akutola makorali. Galasi lina linali lolendewera kumwamba ngati mpeni. Linatsika. Linamucheka mkono wamanja kuyambira pachigongono mpaka pafupi ndi chikhatho, mnofu n'kutseguka, zoyera za m'kati kuonekera. Sanasiye nthambi imene anagwira. Anatembenuka nayo, magazi akuthamanga kutsetsereka m'zala mpaka pa korali.

"Aphunzitsi, madzi. Apezereni madzi."

Chipo anatsika akukankha anthu. Anayang'ana amalume ake ali gone m'madzi ofiira, anayang'ana bambo ake. Anakuwira amuna a pa masitepe kuti wina atsike adzapanikize bala la Davies, ndipo dokotala mmodzi anatsika, akukwinya thalauza kuti lisanyowe. Chipo anang'amba chitenje, namanga mkono wa bambo ake pamwamba pa chigongono, nakoka ndi mano. "Dad, let go," anatero. Howard sanasiye mpaka nditalandira nthambiyo m'manja mwanga.

Ndowa zonse zinali zitagubuduka m'magalasi ndi magazi. Ndinakwera kumwamba, ndinapita pa mulu wa katundu wa malemu, n'kutenga mapoto aakulu atatu. Mayi wina wachikulire anandigwira malaya, ati zimenezo sizinagawidwe, ndidzaona malodza. Ndinamuchotsa dzanja. Mgolo wa madzi amchere unali chiimire pakona. Ndinatunga m'menemo, n'kuyamba kufufuza pansi ndi manja, pakati pa magalasi ndi nsomba zophiriphitha, kutola kanthambi kalikonse kamene kanali ndi mnofu.

Apolisi anafika pamodzi ndi ambulansi. Anafunsa kuti wamenya ndani. Anthu a pa masitepe aja, amene anaona zonse, anati Howard wamenya mlamu wake ndi mwala. Za chitsulo, za loko, za dzino, palibe anatchula. Ndinatchula ine, nditanyamula poto, ndipo mkulu wa mpingo anauza wapolisi kuti ndine wokalamba, ndimasokoneza zinthu. Howard anamutulutsa pa machira, wapolisi akuyenda pambali pake. Ine ndinaitana takisi, n'kukhala kumbuyo, poto mmodzi pamiyendo, awiri kumapazi, madzi akukhavukira pa nsapato pa kona iliyonse.

Davies anamusoka mutu, nachira, ndipo khutu limodzi silimva bwino. Amaonetsa chipseracho kwa aliyense wofuna kuona. Khoti litamva mbali zonse linalamula kuti awiriwo asayandikane. Howard mitsempha ya mkono anailumikiza, koma zala sizigwira, ndipo munthu wa zala zitatu kumanzere ndi dzanja lakufa kumanja sangayendetse basi. Kusudzula sikunachitike. Pa mwambo wathu iye akadali womangika, ndipo a tchalitchi akakumana naye m'sitolo amakhotera ku mashelefu ena. Bupe anandiimbira kamodzi akulira, ati iye ankangochita chimbuya. Ndinamuuza kuti ndikudziwa, n'kudula lamya.

Makorali a m'mapoto ambiri anafa m'sabata yoyamba. Ena anali ophwanyika kwambiri, ena anazizidwa m'njira. M'mawa uliwonse ndinkatulutsa zigoba zoyera n'kuzitaya. Otsala ndinawasamutsira m'kathanki kakang'ono kamene Chipo anabweretsa, ndipo kali pa tebulo la kukhitchini m'fulati yanga, pamene kale ndinkadyera. Ndi tizidutswa tisanu ndi tiwiri, tonse pamodzi tingakwane m'chikhatho.

Howard amabwera pa basi, atakhala pa mpando wa okwera. Adokotala anamuletsa kuviika dzanjalo m'madzi amchere, ndipo ngakhale akanamulola, silingagwire paipi. Amakoka mpando, n'kuyandikitsa nkhope pa galasi, ine n'kukhala manja ake. Sabata yatha tinaona kadontho kofiira pansi pa mwala wina.

"Apo, aphunzitsi. Kumanzere. Ayi, mwapitirira. Maso anu aja atha?"

"Manja ndi anga, a Njobvu. Mukafuna, kaitaneni a ku Oakville."

Ndinapopa kadonthoko, n'kutunga madzi m'kabotolo. Tinadikira, tonse awiri tikuyang'ana. Anatuluka oyera. Howard anagwedeza mutu, nabwerera pa galasi, n'kuloza ndi chala chimodzi cha kumanzere kanthambi kofiirira kakumapeto. Pamene panathyoka panali patatsekeka ndi mnofu watsopano, ndipo pambali pake panali patatuluka kansonga kena.

"Uyu musunthireni uko," anatero. "Akangokula pang'ono ayamba kuwotcha mnzakeyo."